Sitima Yoyera Imene Ndinaikana

Ku Golomoti amandidziwa kuti Maliko kalipentala, uja wa shopu ya zitseko kuseri kwa msika. Kutchalitchi ankandidziwa ngati munthu wa mtima wabwino, ndipo mbiri imeneyo ndinayenda nayo zaka pafupifupi makumi anayi osachita nayo manyazi. Inagwa chaka chatha. Chomwe chinaigwetsa mungachiseke: kusankha pakati pa sitima ziwiri zapamadzi zomwe ngakhale imodzi ndinali ndisanaionepo ndi maso anga.

1

Mwana wathu Pempho ndi namwino ku Ireland. Anaimba foni Lamlungu masana, ine ndi mayi ake, a Fagness, titangofika kunyumba kwathu ku Mtakataka kuchokera ku misa.

"Mu Disembala mukukwanitsa zaka makumi anayi muli m'banja," anatero. "Ine ndi bambo a mwana tagwirizana kuti tikukwezeni sitima yapamadzi, zija anthu amakwera kungofuna kupumula."

"Yopita kuti?" anafunsa mayi ake.

"Siipita kwina kulikonse kwenikweni, amayi. Imangozungulira n'kubwerera pomwe inanyamukira."

"Ndiye munthu akwererenji?" ndinatero ine.

Pempho anaseka mpaka khanda lake linadzuka. Anati si ngati Ilala yonyamula matumba a chimanga ndi njinga, koma hotela yoyandama. Anapeza ziwiri za makampani osiyana, ndipo tisankhe imodzi pofika Lachisanu malo asanathe.

Zithunzi zinayamba kulowa m'foni. Mayina a sitimazo anali achizungu olemera lilime, moti a Fagness anangoti, "Iyi ndi yoyera, iyi ndi yabuluu," basi mayina anakhala omwewo. Ine ndinakuza chithunzi cha yoyerayo ndi zala kuti ndiwerenge zolembedwa m'mbali mwake.

Dzina limenelo ndinkalidziwa. Pa sitima imeneyo pankagwira ntchito munthu mmodzi amene mkazi wanga sankayenera kumuona nkhope. Akanangomuona, banja langa likanathera pomwepo.

2

A Fagness ndi mlembi wa mphakati wathu, ndipo chinthu akachigwira sachigwira ndi dzanja limodzi. Lolemba m'mawa anatenga kope, analemba mzere pakati pa tsamba, kwina yoyera kwina yabuluu. Anakhala pakhonde atavala magalasi, foni pamwendo.

"Imvani, bambo a Pempho. Yoyerayi imanyamukira ku Durban, masiku asanu, kukaona zilumba za ku Mozambique. Nyanja yake ndi yofunda. Ili ndi zikepe zambiri, ndiye maondo angawa sadzavutika ndi masitepe. Lamlungu mumakhalanso wansembe."

"Yabuluuyo?"

"Ndi yaing'ono, imanyamukira ku Cape Town kupita ku Namibia, masiku asanu ndi awiri. Akuti ndi yabata, zakudya zake n'zapamwamba. Koma nyanja yake ndi yozizira, mafunde aakulu, ndipo madzulo amuna amadya atavala jekete ndi tayi."

"Imeneyo ndiye ya anthu aulemu wawo," ndinatero. "Tikwere imeneyo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu tayi munavala komaliza pa ukwati wathu, nayonso yobwereka."

Ndinayamba kuifunira zifukwa yoyerayo. Ndinati anthu zikwi zitatu m'chinthu chimodzi ndi msika wa Golomoti, osati tchuthi. Ndinati chinthu chachitali nsanjika khumi ndi zitatu chimagwira mphepo ngati chitseko chosakhoma. Ndinati mu Disembala kunyanja ya ku Mozambique kumayamba anamondwe, ndipo pamenepo pokha sindinaname kwambiri.

"Za madzi mwazidziwa liti?" anatero a Fagness. "Si inu munakana kuwoloka Livulezi madzi ali m'maondo, mpaka tinazungulira kumlatho?"

Kenaka anaika chala pa mzere womaliza wa tsambalo. Yoyerayo inkalola ana. Pempho anati tikasankha imeneyo, iye adzatipeza ku Durban ali ndi Temwani, mdzukulu wathu wa miyezi inayi, yemwe tinkangomuonera pafoni. Yabuluu inali ya akuluakulu okhaokha. Tikasankha imeneyo tidzapita awiriwiri, ndipo mwanayo tidzamuona chaka chinacho.

"Ngakhale nditangomuona ali m'manja mwa amake," anatero motsitsa mawu. "Kungomuona basi."

Ndinanyamula njinga n'kupita kushopu. Tsiku limenelo ndinadula thabwa limodzi molakwika kawiri.

3

Zaka ziwiri m'mbuyomo, kushopu kunabwera mwamuna wovala bwino, wa zaka za m'ma makumi atatu. Anaima pakhomo ine ndikupala chitseko. Nditadzutsa mutu ndinangoona ngati ndadziona pagalasi ndili mnyamata: mpata wa mano womwewu, makutu otambalala omwewa.

"Dzina langa ndine Ibrahimu," anatero. "Mayi anga anali a Matilda, a kunyanja kwa Kachindamoto. Tawaika m'manda sabata yatha. Asanatisiye anandiuza kuti amene anandilera si amene anandibereka. Anati ndikafunse kalipentala amene anabwera kudzakhoma bwato la amalume awo."

Ndinakhala pansi pa utuchi. Iye anati sanabwerere chuma, anangofuna kuona kumene nkhope yake inachokera. Anandionetsa chithunzi chake atavala yunifolomu, akuperekera zakudya m'sitima yaikulu yoyera. Anandisiyira nambala. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankatumiza moni, ine n'kuwerenga, n'kufufuta.

Lachitatu la sabata yosankhayo ndinamuimbira koyamba, nditatseka chitseko cha shopu masana dzuwa lili pamutu. Sitima yawo inali padoko, ndipo anayankha msanga. Nditamuuza kuti mwina tikwera, anasangalala ngati mwana.

"Insha Allah, mudzabwere bambo. Ndidzakulandirani ndekha."

"Ayi, mundimvetse. Mwezi umenewo mupemphe tchuthi."

"Disembala? Nthawi imeneyo palibe amene amapuma."

"Ndiye mudzangondidutsa ngati simundidziwa."

"Zimenezo ndinazolowera, sizindivuta," anatero. "Koma Amalawi pa sitima ino tilipo atatu okha. Akabwera alendo a kwathu, mkulu wathu amawaika patebulo langa chifukwa cha chilankhulo. Ndipo nkhope yangayi ndingaisiye kuchipinda?"

Ndinadula foni osatsanzika. Manyazi ndinali nawo, koma mantha anali ochuluka kuposa manyaziwo.

Mwina mukuti nkhalamba imeneyi inkaopa chiyani, popeza akazi ambiri kwathu kuno anaonapo ana a kumbali, analira, n'kukhululuka. N'zoona. A Fagness mwana wa kumbali akanatha kumupirira. Chomwe ndinkaopa ine chinali funso limodzi lomwe mzimayi aliyense amafunsa akaona mwana wotero: anabadwa liti?

4

Lachinayi m'mawa ndinawapeza a Fagness akupeta mpunga pakhonde, kope lija lili pambali. Mbali ya yoyera inali itadzadza mpaka pansi, ya yabuluu inathera pakati.

"Ndaganiza," anatero. "Mawa ndimuuza Pempho kuti yoyera. Mukaopa mphepo mudzakhala m'chipinda."

Zifukwa zonse zinali zitandithera. Chinatsala chimodzi chokha, chomwe mwamuna wamanyazi sakanachitola. Ine ndinachitola.

Ndinatsegula kanema wina yemwe Pempho anatumiza, woonetsa malo osewerera ana pa sitimayo, ndi kuwaikira foni pafupi ndi nkhope.

"Mwaona makanda ali mbwee? Kodyera makanda, m'zikepe makanda. Ndipo Pempho sadzabwera naye Temwani kuti mudzangomuyang'ana. Adzakupatsani m'manja kuti mumunyamule. Mudzamunyamula?"

Lichero linaima. Nkhuku zinabwera mpaka kudzajompha mpunga pamphasa, iwo osazithamangitsa.

Dziwani kuti pa zaka zonsezi a Fagness anali asananyamulepo khanda la munthu wina. Kukabadwa mwana pamudzi ankapereka sopo ndi chitenje ali pakhomo, manja kumbuyo. Ngakhale Pempho amene, miyezi yake yoyamba anamulera ndi agogo ake, mayi ake akungopatsidwa kuti ayamwitse n'kumubweza. Chifukwa chake ndinkachidziwa kuposa wina aliyense, ndipo ndinabaya dala pomwe panali balapo.

Anavula magalasi, anatseka kope.

"Mwanena zoona," anatero. "Ndinaiwala malo anga."

Ndinapambana. Ndinapita kushopu ndikudziuza kuti ndapulumutsa banja, koma chakudya chomwe ananditengetsa ndinabwera nacho chosatsegula.

5

Pempho anaimba Lachisanu masana ali pa nthawi yopuma kuntchito. Tinakhala awiri pabenchi, foni itatsamira kapu patebulo.

"Tasankha yabuluu," anatero mayi ake.

"Yabuluu? Amayi, simukufuna kumuona Temwani?"

"Mwana wako akule kaye. Asabwere pafupi ndi ine akadali wanthete."

"Mukutanthauza chiyani?"

Ndinafuna kulowerera, koma a Fagness anandigwira bondo kuti ndikhale chete. "Wakula tsopano, nayenso ndi mayi. Amve."

Anamuuza za Chifuniro, mwana wathu woyamba, yemwe Pempho ankangomudziwa ngati mtanda wa kumanda. Anabadwa mu Epulo 1986. Mwambo wa kwathu unkati khanda likabadwa, bambo ndi mayi asagonane, ngakhale ndi munthu wina aliyense, kufikira anamkungwi atalola ndi kuchita mwambo wotenga mwana. Mmodzi akaphwanya n'kudzagwira khandalo kapena kuthira mchere m'ndiwo, mwana amadwala tsempho, amatupa, n'kumwalira. Chifuniro anatupa miyendo ndi nkhope mu Julayi, ndipo patangopita sabata imodzi tinamuika m'manda.

"Amayi, amenewo anali malungo ndi kuchepa kwa magazi," anatero Pempho. "Ndimaziona tsiku ndi tsiku m'mabuku."

"Kuchipatala anatero kumene. Koma munthu sukhala kuchipatala, umakhala pamudzi."

Maliro atatha, anamkungwi atatu ndi apongozi anga anatiitana m'nyumba, aliyense payekha. Anandifunsa ngati ndinayenda panja. Ine panthawiyo ndinali wotsogolera kwaya, wokondedwa ndi ansembe. Ndinagwira kolona, ndinalumbira kuti sindinakhudze mkazi aliyense. Anandikhulupirira. Ndiye mlandu unatsala ndi mmodzi. Ena anati a Fagness anaonedwa atakwezedwa njinga ndi mwamuna pochokera kumsika. Iwo anakana mpaka mawu anatha, koma pomaliza anayamba kudzikayikira okha, kuti mwina anathira mchere tsiku losayenera, mwina manja awo ndiwo oipa.

"Pamudzi ankanditchula kuti wodula mwana," anatero a Fagness, maso ali pafoni. "Bambo akowa anaimirira pamaso pa ankhoswe n'kunena kuti andikhululukira. Mwamuna wina akanalongedza n'kubwerera kwawo. Ndiye akanena kuti yabuluu, ndi yabuluu. Dzulo andikumbutsa bwino."

Pempho ankalira. Anapukuta misozi ndi mkono wa yunifolomu, anandiyang'ana.

"Ababa, sindinkadziwa. Zikomo kuti simunawasiye amayi."

Mawu oyamika ngati amenewo ndinawalandira kwa anthu ambiri, ndipo ndinkangoweramitsa mutu modzichepetsa. Koma a mwana wanga anandikanika kumeza. Ndinangomva mawu anga akutuluka ngati a munthu wina.

"Usandithokoze. Pa sitima yoyerayo pali mchimwene wako. Dzina lake ndi Ibrahimu."

Ndinawauza za bwato lomwe ndinakakhoma kunyanja, masabata awiri amene ndinagona kumeneko, za Matilda, ndi kuti nditabwerako ndinafikira kunyamula Chifuniro n'kumuseweretsa pamiyendo panga.

A Fagness anatembenuka pang'onopang'ono. "Anabadwa liti?"

"Mu Febuluwale 1987."

Anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala chobwerera m'mbuyo, milomo ikuyenda popanda mawu. Januwale, Disembala, Novembala. Dzanja limodzi litatha anapitiriza ndi linalo, ndipo anakaima pa Meyi, Chifuniro ali ndi mwezi umodzi.

Sanakuwe, sanandimenye. Ndikanakonda akanatero.

"Kolona munagwira uja anali wanga," anatero. Kenaka anayang'ana pafoni. "Pempho, bukitsa yoyera. Malo a munthu mmodzi."

6

Sabata yotsatira ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. A Laisoni, mlongo wawo wa a Fagness, ndiwo anatsogolera. Ndinaimirira, chipewa chili m'manja, ndinanena zonse popanda kuchotsera. Sindikudziwa ngati tsempho limapha mwana, ndinatero, ndipo ndikukhulupirira kuti achipatala ananena zoona. Koma ngati panali wophwanya mwambo ndinali ine, ndipo wonamiziridwa anali mkazi wanga.

Nditakhala pansi ndinayang'ana anthuwo. Ambiri anali achinyamata oti nkhaniyo anali kuimva koyamba, ena ankasuzumira m'mafoni. Anamkungwi atatu aja onse anapita kale. Apongozi anga anamwalira mu 2009.

"Mwauza anthu olakwika," anatero a Fagness. "Ofunika kumva ali kumanda. Mayi anga ondibereka anamwalira asanadyenso ndiwo zothira mchere ine. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkawaphikira, iwo n'kumathira okha mchere m'mbale mwawo."

A Laisoni anafunsa chomwe akufuna chichitike. A Fagness anati akufuna mpata. Ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga ndine koma malo ndi a kwawo. Ndinamanga zovala pakaliyala wa njinga n'kupita kukakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu.

Mu Disembala a Fagness ananyamuka. Pempho sanandiimbire nthawi yonseyo. Ibrahimu yekha ndiye anatumiza uthenga wa mizere iwiri, kuti amayi afika bwino ndipo ali patebulo lake.

Mu Januwale, tsiku lina mvula itangokata, ndinawaona ataima pakhomo pa shopu, ambulera ili m'manja. Ndinawapatsa mpando koma sanakhale.

"Mwana wanu ndamuona," anatero. "Ndi waulemu, ndipo alibe mlandu ndi ine. Muziyankha moni wake. Temwani ndamubereka kumbuyo masiku onse asanu, ali bwinobwino."

"Mayi a Pempho, ndikupempha..."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndili ndi funso limodzi, lomwe landisowetsa mtendere kuchokera ku Durban mpaka kuno. Ndikanakonda yabuluu ija kuyambira tsiku loyamba, mukanandiuza liti?"

Bodza linali kale pa lilime, lokonzeka bwino, loti ndinali pafupi kuulula, ndinkangodikira nthawi yabwino. Ndinalimeza.

"Sindikanakuuzani."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomwe ankadziwa kale. "Lero mwayankha zoona," anatero, n'kutembenuka kupita kokwerera minibasi. Mpaka pano sanandiitane kuti ndibwerere kunyumba, ndipo sindikudziwa ngati adzatero.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, musanditenge ngati munthu wolimba mtima amene analapa. Ndinaulula nditapanikizika, nditayesa kaye njira iliyonse yoipa, kuphatikizapo kumuopseza mkazi wanga ndi mdzukulu wake yemwe. Chigololo changa chinali cha masabata awiri. Choipa chenicheni ndinkachichita m'mawa uliwonse, podzuka n'kumusiya munthu wosalakwa asenze mlandu wanga, ine n'kumalandira ulemu wa wokhululuka.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene akunyozedwa pa chinthu chomwe munachita ndinu, musawerengere kuti iye akadali moyo ndiye nthawi ilipo. Yang'anani amene anamuweruza, ngati akadalipo oti angamve n'kumupepesa. Ine ndinawaperekeza kumanda mmodzimmodzi nditatseka pakamwa. Bokosi la apongozi anga ndinakhoma ndine, ndi matabwa a mlombwa osankha bwino, ndipo pamaliropo anthu anandiyamikira kuti mkamwini ngati ine ndi wosowa.